PANSI PA NTHAKA PALIBE MPANDA

Kwa aphunzitsi: Phunziro lisanayambe konzani zitini ziwiri zoboola kunsi, mcenga wosalala, miyala yoswa, mabotolo awiri oonekera m'kati, ndi ndowa ya madzi a matope. Lembani pa bolodi maina awa: Kafue, Manchinchi, Ngwerere, Kanyama.

 Lero tikamba nkhani imene akulu sakonda kuichula pa nthawi ya cakudya, koma imene mzinda uli wonse uyenera kuiganizira usana ndi usiku. Nkhaniyo ndi ya zonyansa za m'cimbudzi: kumene zimapita zikacoka pamaso pathu, ndi zimene zimacitika njira yake ikaonongeka. Tidzatenga citsanzo ca Lusaka, likulu la dziko lathu, pakuti kumeneko bvutoli laoneka poyera, ndipo kumeneko anthu ayesa njira zambiri zolithetsera. Inu a ku Katete, a ku Petauke, a ku Lundazi ndi kwina konse, cherani khutu inunso. Matauni anu akukula caka ndi caka, ndipo cimene cagwera Lusaka lero cikhoza kufika kwanu mawa.

Kumudzi ndi ku Tauni

Kumudzi nkhani imeneyi siibvuta kwambiri. Cimbudzi cikadzaza, atate amakumba cina pambali, nakwirira cakale, kenaka nabzalapo nthoci. Malo alipo ambiri, ndipo citsime ciri kutali, kudambo. Nthaka imameza zonyansazo pang'onopang'ono, kufikira zitasanduka dothi.

Ku tauni zinthu nzosiyana. Lusaka anakhala likulu m'caka ca 1935, ndipo amene anaukonza mzindawo anaganizira anthu owerengeka okha. Pa kalembera wa 2022 munapezeka anthu oposa 2 miliyoni. Ali yense wa anthu amenewa amapita kucimbudzi tsiku liri lonse. Taganizani kuculuka kwa zonyansa za tsiku limodzi lokha! Ndipo ambiri amakhala m'makomboni, m'mene nyumba zathithikana kotero kuti malo okumba dzenje latsopano palibe.

Mu Lusaka muli njira zitatu zosungira zonyansa. Yoyamba ndi mipope ya pansi imene imatenga zonyansa za nyumba zambiri ndi kuzipititsa ku malo amodzi ozisukirako. Njira imeneyi ndi yabwino koposa, koma pa anthu 10 ali onse a mumzindamo, mmodzi kapena awiri okha ndiwo amene nyumba zao zinalumikizidwa ku mipopeyi. Yaciwiri ndi thanki ya pansi imene amisiri amaicha sepitiki, yopezeka kwambiri kumayadi, m'masukulu ndi m'malo atsopano kumene anthu akudzimangira nyumba. Yacitatu ndi cimbudzi cokumba, cimene ciri cimbudzi ca anthu ambiri a m'makomboni. Mu njira yaciwiri ndi yacitatu zonyansa sizicoka pakhomo. Zimakhala pomwepo, pansi pa bwalo limene ana amasewerapo.

M'mene Sepitiki Imagwirira Nchito

Sepitiki ndi cipinda ca pansi comangidwa ndi njerwa ndi simenti, cogawidwa pawiri ndi khoma. Madzi a m'cimbudzi akalowa m'cigawo coyamba amaleka kuthamanga. Zolemera zimamira ndi kusanduka matope akuda pansi. Mafuta ndi zopepuka zimayandama pamwamba ngati thobvu. Pakati pamatsala madzi otuwa. M'matopemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene sitifuna mpweya, ndipo nchito yake ndi kudya zonyansazo ndi kuzicepetsa. Madzi otuwa aja amadutsa ku cigawo caciwiri, nadikhanso, kenaka natuluka kupita m'dzenje lodzaza ndi miyala lochedwa soakaway, m'mene amalowerera m'nthaka.

Tsono mvetsetsani mfundo iyi, pakuti ndi yaikulu. Madzi otuluka m'sepitiki sali oyera. Akali ndi tizilombo ta matenda tambirimbiri. Amene amatsiriza nchito yowasefa ndi nthaka. Madziwo akamayenda pang'onopang'ono m'dothi ndi mumcenga, tizilombo timagwidwa ndi kufa m'njira. Sepitiki ingakhale yomangidwa bwino cotani, popanda nthaka yabwino yoizungulira yagwira theka lokha la nchito.

Nanga sepitiki imaonongeka bwanji? Coyamba, imadzaza. Tizilombo tija sitidya zonse, ndipo matope amakwera caka ndi caka. Thanki iyenera kupopedwa pakapita zaka zowerengeka, monga zitatu kapena zinai. Mwini nyumba akanyalanyaza, matope amasefukira m'dzenje la miyala lija ndi kulitseka, madzi nayamba kutumphuka pabwalo kapena kubwerera m'nyumba. Caciwiri, thanki imang'aluka, kaya ndi ukalamba kaya ndi mizu ya mitengo. Cacitatu, mathanki ena amamangidwa molakwa dala. Pali anthu amene, poopa kulipira opopa, amasiya pansi pa thanki posaika simenti kuti zonyansa zizilowa m'nthaka ndipo thankiyo isadzaze. Munthu wotere amayesa kuti wacenjera. Cimene wacita tidzaciona tsopano lino.

Zizindikiro za sepitiki yoonongeka si zobvuta kuzidziwa: fungo loipa, udzu wobiriwira kwambiri pamalo amodzi m'cirimwe, cithaphwi cosauma pafupi ndi thanki, nchenche zambiri, ndi cimbudzi cimene madzi ake amacedwa kutsika.

Mwala wa Pansi pa Lusaka

Aphunzitsi, tengani zitini zija. Dzazani cimodzi ndi mcenga, cina ndi miyala yoswa, ndipo pansi pa citini ciri conse ikani botolo. Ana awiri athire madzi a matope nthawi imodzi, wina mumcenga, wina m'miyala. Ana inu, penyetsetsani. M'citini ca miyala madzi atuluka nthawi yomweyo, ali a matope monga m'mene analowera. M'citini ca mcenga akudontha mocedwa, ndipo ayerako. Musamwe madzi a botolo liri lonse, pakuti madzi ooneka oyera akhoza kukhalabe ndi tizilombo.

Mbali yaikulu ya Lusaka, makamaka kumwera ndi kumadzulo, iri ngati citini ca miyala cija. Mzindawo unamangidwa pa mwala wa laimu, wa mtundu umene amapangira simenti ku Chilanga. Mwala umenewu umasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi a mvula, ndipo pa zaka zikwi zambiri munapangika ming'alu, mphako ndi ngalande za pansi. M'malo ambiri dothi la pamwamba ndi locepa, kotero kuti munthu wokumba cimbudzi ku Kanyama amagunda mwala asanafike patali. Madzi a pansi nawonso ali pafupi. Amene munafikapo ku Misisi munaona maenje akale okumbamo miyala atadzaza madzi ngati maiwe. Amenewo ndi madzi a pansi pa nthaka amene aonekera poyera.

Mwala umenewu ndi dalitso, pakuti umasunga madzi ambiri. Madzi ena amene Lusaka amamwa amacokera ku mtsinje wa Kafue, kumene amayeretsedwa pa malo ochedwa Iolanda ndi kukankhidwa m'mipope mtunda wa makilomita oposa 40. Koma gawo lalikulu limacokera pansi pa mzinda womwewo, m'zitsime zakuya zoboola ndi makina, zija timati borehole, ndi m'zitsime zosaya zimene anthu amadzikumbira. Cotero anthu a mu Lusaka amataya zonyansa zao pamwamba pa nkhokwe ya madzi ao akumwa, ndipo pakati pa ziwirizi pali mwala wong'aluka umene susefa kanthu.

Pamwamba pa nthaka munthu amamanga mpanda wa njerwa, naika cipata cacitsulo, nati, "Pano mpanga." Pansi pa nthaka palibe mpanda. Madzi ocokera m'thanki yopanda simenti ija amayenda m'ming'alu ya mwala, nadutsa pansi pa khoma, nakalowa m'citsime ca mnansi, mwinanso m'citsime ca mwini thankiyo. Malamulo a za zitsime amene boma linakhazikitsa m'caka ca 2018 amafuna kuti pakati pa borehole ndi cimbudzi kapena sepitiki pakhale mamita 30. Koma mapuloti ambiri ndi ang'ono, ndipo ngakhale inu mutatalikitsa citsime canu ndi thanki yanu, thanki ya mnansi ikhoza kukhala kuseri kwa khoma. M'mwala wong'aluka, tizilombo tikhoza kuyenda mtunda woposa pamenepo.

Dzinja Likafika

Akale anati mvula ikakuona litsiro siikata. M'dzinja madzi a pansi amakwera kufikira atakumana ndi maenje a zimbudzi. M'malo otsika zimbudzi zimasefukira, ndipo madzi amene ana amapondamo popita ku sukulu amakhala osakanizika ndi zonyansa. Imeneyi ndiyo nthawi ya kolera, taifodi ndi kamwazi.

Kolera inabuka mu Lusaka mu Okutobala 2017. Inayambira m'komboni ya Chipata, ya mu Lusaka momwemo, nifalikira ku Kanyama ndi kwina. Anthu oposa 5,000 anadwala, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 100 anamwalira. Boma linakwirira zitsime zosaya, linaika mathanki a madzi abwino m'makomboni, ndipo asilikali anathandiza kuyeretsa misika. Mu Okutobala 2023 matendawo anabweranso ndi ukali woposa. Anthu oposa 20,000 anadwala m'dziko muno, ndipo oposa 700 anataya miyoyo yao. Bwalo la masewero la National Heroes linasanduka cipatala. Masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024 anakhala otseka kufikira pa 12 Febuluwale. Ambiri a inu mukukumbukira masabata amenewo. Cimene cinatseka zitseko za makalasi anu cinayambira m'madzi oipitsidwa ndi zonyansa za anthu.

Zimene Mzinda Umacita

Popeza bvutoli siliima pa malire a puloti, munthu mmodzi sangalithetse yekha. Mutu umodzi susenza denga. Nchitoyi inaperekedwa kwa kampani ya madzi ya mzindawo, imene inakhazikitsidwa mu 1988 ndipo tsopano ikuchedwa Lusaka Water Supply and Sanitation Company. Imagwira pamodzi ndi khonsolo ya mzinda, ndipo imayang'aniridwa ndi bungwe la NWASCO, limene linabadwa ndi lamulo la za madzi ndi ukhondo la 1997. Nchito yao tingaigawe panai.

Yoyamba ndi kupopa. Kumayadi kumapita magalimoto a mathanki amene amayamwa matope a m'sepitiki ndi mpope waukulu. Koma m'makomboni galimoto yotere kawirikawiri siingalowe m'tinjira topapatiza, ndipo m'zimbudzi zokumba mumakhala nsanza, mapulasitiki ndi mabotolo zimene zimatseka mpope. Kale anthu anali kulemba aganyu amene anali kubwera usiku, kukumba dzenje pambali, kukhuthuliramo zonyansa ndi kukwirira. Zonyansazo zinali kungosamuka mamita awiri okha, ndipo aganyuwo anali kugwira ndi manja, opanda cowateteza. Mu 2013 ku Kanyama kunayambika gulu la opopa ophunzitsidwa, ndipo mu 2014 linanso ku Chazanga. Amuna amenewa amabvala nsapato za mphira, magolovesi ndi zophimba kumphuno. Amatunga matope ndi zida za mipini yaitali, nawathira m'migolo yotseka, nawanyamula kupita ku thanki yaikulu yomangidwira nchito imeneyi. M'menemo matope amaola ndi kutulutsa mpweya woyaka umene ukhoza kuphikira. Otsalawo amayanikidwa pa dzuwa kufikira atauma, nakhala manyowa. Mukakumana ndi anthu a nchito imeneyi musawaseke kapena kugwira mphuno mowanyoza. Iwo amateteza moyo wanu monga momwe amacitira anamwino.

Yaciwiri ndi kusuka madzi oipa pa malo amodzi. Malo akale odziwika ndi Manchinchi, pafupi ndi komboni ya Garden, amene anamangidwa dziko lathu lisanalandire ufulu. Kumeneko madzi a m'mipope amayamba kudutsa pa zitsulo zonga cisa ca tsitsi, zimene zimakola nsanza ndi zinyalala. Kenaka amadikha m'mathanki aakulu kuti matope amire. Akacoka apo amawazidwa pa mabwalo ozungulira odzaza ndi miyala. Pa miyalapo pamakhala utoto woterera wa tizilombo tabwino, timene timadya zoipa za m'madzi pamene madziwo akutsika. Malo ena otere ali ku Chunga. Kwina, monga ku Ngwerere, ku Kaunda Square ndi ku Matero, anakumba maiwe aakulu otsatizana. Madzi amakhala masiku ambiri akuyenda kucoka dziwe lina kupita lina. M'dziwe loyamba, lakuya, matope amamira ndi kuola. M'maiwe otsatira, osaya, ndere zobiriwira zimatulutsa mpweya wabwino, ndipo kuwala kwa dzuwa kumapha tizilombo ta matenda. Maiwe otere safuna makina ambiri, koma amafuna malo aakulu.

Madzi akasukidwa amatayidwa m'mitsinje. A ku Manchinchi amalowa mu Ngwerere, umene umathira mu Chongwe, ndipo Chongwe amathira mu Zambezi. A ku Chunga amatsata Mwembeshi kukafika mu Kafue. M'mbali mwa mitsinje imeneyi muli alimi a ndiwo zamasamba zimene zimagulitsidwa m'misika ya Lusaka. Malo osukira akalandira madzi oposa mphamvu yake, monga zinacitikira ku Manchinchi pamene mzinda unakula, madzi amatuluka osayera bwino, ndipo matenda akhoza kubwerera ku tauni pa masamba a repu. Apanso tikuona kuti wa kumtunda ndi wa kunsi ali pa ulendo umodzi.

Yacitatu ndi kuonjezera mipope. Kuyambira 2013 kufikira 2018, ndi thandizo la dziko la America la madola pafupifupi 355 miliyoni, mzinda unaika mipope ya zonyansa ku Mtendere, unakulitsa maiwe a ku Kaunda Square, ndi kumanga ngalande yaikulu ya Bombay yocotsa madzi a mvula. Mu 2015 kunayambikanso nchito ina yaikulu yochedwa Lusaka Sanitation Program, yothandizidwa ndi World Bank, African Development Bank ndi mabanki a ku Ulaya. Colinga cake cinali kufikitsa mipope ku malo ena, kumanga zimbudzi zamakono zoika simenti m'kati kuti zisadonthe ndipo zizipopedwa mosabvuta, ndi kumanga malo atsopano osukirako madzi ku Chunga ndi ku Ngwerere.

Musayese kuti mpope ukadutsa mumseu ndiye kuti nkhani yatha. Kukumba ngalande m'mwala kumadya ndalama zambiri, ndipo mpope ukafika, mwini nyumba ali yense ayenera kumanga cimbudzi ca madzi ndi kucilumikiza. Pamenepa pamabuka mafunso obvuta. Banja losauka lidzapeza kuti ndalama? Pa nyumba ya lendi adzalipira ndani, mwini nyumba amene amakhala kwina, kapena alendi amene akhoza kusamuka mwezi wa mawa? Nanga cimbudzi ca madzi cidzagwira bwanji nchito kumene pampopi pamauma masiku ena? Cifukwa ca mafunso amenewa, nyumba zambiri zimakhala zosalumikizidwa ngakhale mpope uli pakhomo. Ndipo mpope ndi wa onse: munthu mmodzi akatayamo nsanza, mcenga wotsukira mapoto kapena zitsononkho, umatseka, zonyansa nizitumphukira kwa anansi a kunsi amene sanalakwe kanthu. Wakuba cibvundikiro cacitsulo ca pa dzenje la mpope amatsegulira njira zinyalala, naikanso msampha kwa ana oyenda usiku.

Yacinai ndi malamulo. Kwa zaka zambiri makampani a madzi anali kusamala za mipope yokha, ndipo sepitiki ndi cimbudzi cokumba zinali nkhani ya mwini khomo. Mu 2018 bungwe la NWASCO linatulutsa dongosolo latsopano lakuti makampaniwo aziyang'aniranso kupopa, kunyamula ndi kusuka matope a m'zimbudzi zimenezi. Kumeneku kunali kubvomereza kuti mipope siidzafika pa nyumba iri yonse msanga, ndi kuti dzenje la kuseri kwa nyumba ya munthu mmodzi limakhudza moyo wa mzinda wonse.

Gawo Lanu

Mwina mukuti, "Ife ndife ana, tingacitenji?" Mungacite zambiri. Musataye mapulasitiki, nsanza, miyala kapena mabotolo m'cimbudzi ca mtundu uli wonse. Sambani m'manja ndi sopo mukacoka kucimbudzi ndiponso musanadye. Imwani madzi owiritsa kapena othira klorini, makamaka m'dzinja, ndipo madzi a m'citsime cosaya musawakhulupirire cifukwa ca kuoneka oyera. Musasewere m'zithaphwi kapena kusambira m'maiwe osukiramo madzi oipa. Mukaona mpope wa zonyansa ukutumphuka, kapena dzenje lake liri lobvundukuka, uzani akulu kuti akanene ku kampani ya madzi. Mukafika kunyumba lero, funsani makolo mwaulemu kuti thanki kapena cimbudzi canu cinapopedwa liti, ndi kuti matopewo anapita kuti.

Ena a inu mudzakhala amisiri omanga, ena akatswiri a za madzi, ena makhansala, ndipo pafupifupi nonse tsiku lina mudzamanga nyumba zanu. Tsiku limenelo mmisiri akadzakunong'onezani kuti, "Tisaike simenti pansi pa thanki, kuti isadzaze," mudzakumbukire citini ca miyala cija, ndi mwana wa mnansi wanu amene amamwa m'citsime ca kuseri kwa khoma. Mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako.

Tsalani bwino ana inu, tsalani bwino aphunzitsi. Tidzamvananso sabata ya mawa pa nthawi yonga yomwe ino.

Mafunso ndi Zocita

1. Chulani njira zitatu zosungira zonyansa za m'cimbudzi mu Lusaka.

2. Jambulani sepitiki, ndi kuonetsa matope, thobvu, madzi a pakati ndi dzenje la miyala.

3. Fotokozani cifukwa cake mwala wa pansi pa Lusaka uli dalitso ndiponso ngozi.

4. Pa mapu a Zambia, tsatani ulendo wa madzi kucokera mu Ngwerere kukafika mu Zambezi.

5. Pamodzi ndi aphunzitsi, pimani mtunda wa pakati pa zimbudzi za sukulu yanu ndi citsime kapena borehole imene iri pafupi. Kodi wakwana mamita 30? Citsimeco ciri kumtunda kapena kunsi kwa zimbudzi? Lembani zimene mwapeza, ndipo mukazipereke kwa aphunzitsi aakulu.